Golide Wofiira ndi Madzi a Janet

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera losatsekeka. Ndapempha kope ndi cholembera kuti ndizilemba zimene akundichita, chifukwa mutu wanga masiku ano ndi dengu lobooka. Komanso ndikufuna zidziwike kuti ine Lestina, mai Tendai wa pa komboni ya pafamu kufupi ndi Shamva, sindinadwale ndekha. Alipo amene wandichita izi, ndipo ndikapanda kufa adzalira ndi iye.

Manja akunjenjemera, zilembo zikuoneka ngati papalasa nkhuku. Nkhama zikutuluka magazi. M'kamwa mukumveka chitsulo. Mapazi atupa, nsapato zakana. Anditenga magazi ndi mkodzo. BP 160 pa 100. Piritsi limodzi loyera m'mawa.

Lachiwiri, 4 Juni

Malungo palibe, shuga palibe, kachilombo palibe. Dokotala, mnyamata wamtali wa magalasi, wati impso zanga zikudontha, n'chifukwa chake mapazi atupa. Wandiwonjezera piritsi lokodzetsa ndipo wandiletsa mchere. Wafunsa m'Chishona ngati ndimagwira mankhwala opopera fodya. Ndati ndinagwirapo kale, koma chaka chino ndangochita maricho, maganyu opalira ndi kukolola chimanga. Wakanda mutu n'kupita.

Akande. Ine mwini wake ndikumudziwa. Ndi Janet, wamasiye wa nyumba yoyang'anana ndi yanga. Tinakangana za dimba la kumtsinje, iye n'kundiuza pamaso pa anthu kuti, "Tidzaona amene adzadye za m'menemo." Kenako mu Epulo, mutu utayamba kundivuta, yemweyo anabwera akumwetulira ndi chigubu cha madzi opempherera kwa mapositori ake, amene iwo amati muteuro, ati ndizimwa m'mawa ndi madzulo. Ine wa CCAP, chitsiru ine, ndinamwa. Chikatha ankabweretsa china. Madzi ake ankamveka kamcherechere, ine n'kumati ndi mmene madalitso amakomera. Chigubu chomaliza ndabwera nacho, chili pansi pa bedi, ndipo sinditaya.

Lachinayi, 6 Juni

Dzulo sindinalembe, cholembera chimathawa m'manja. BP 155 pa 95.

Bedi la kumanja kuli mai Blessed wa ku Banket, wa chilonda cha shuga pamwendo. Makolo ake anachokera ku Ntcheu, ndiye tikumvana. Pakamwa pake sipatseka, koma ndi yekhayo amene amandithandiza kugwira kapu.

Kwabwera Ambrosio, mwamuna wanga, fumbi la kumigodi lili m'tsitsi. Chiyambire kufa kwa ntchito pafamu iye ndi korokoza, amakumba golide kumtsinje ndi anzake. Wabweretsa sadza, nsima ya kuno, ndi matemba. Nesi waletsa matemba chifukwa cha mchere, mai Blessed wandithandiza kuwamaliza. Nditamuuza za Janet wati, "Aa, mai Tendai, musamanamizire anthu. Hazvina kunaka." Ati si bwino. Si bwino n'chiyani, kunena kapena kufa? Iye akudya, akuyenda, manja ake ali zii. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Loweruka, 8 Juni

Lero ndili ndi mphamvu, ndilemba zambiri.

Kwabwera Primrose, mwana wa malemu mkulu wanga, amene ali ku yunivesite ku Harare. Wanditsegula pakamwa ngati akugula mbuzi, wandiuza nditambasule manja, wandilembetsa dzina langa. Kenako nkhope yasintha. "Mainini, izi zikufanana ndi mekyuri," watero, kunena madzi olemera aja onyezimira amene makorokoza amagwirira golide. Wapita kukalankhula ndi dokotala, ndipo agwirizana kuti mkodzo wanga upite ku Harare.

Atabwerako wapeza Ambrosio wafika. Wamufunsa mosazungulira, "Babamunini, paja pa Khisimisi ndinakuuzani za utsi. Munasiya kuotchera golide pakhomo, handiti?" Ambrosio wati, "Kalekale, mwanangu. Timaotchera kumtsinje." Ine ndavomereza, chifukwa chiyambire chaka sindinamuonepo akuotcha.

Ndiye ngati mekyuri sanachokere kwa iye, walowa bwanji m'thupi mwanga? Janet amatsuka miyala pachigayo cha golide. Mekyuri amamugwira tsiku lililonse. Ndanena zimenezi mokweza, ndipo Ambrosio, uja amati tisanamizire anthu, wadzutsa mutu n'kunena kuti, "Zoona, mai Tendai. Mkazi uja ndi woipa mtima." Ndasangalala kuti pomaliza wayamba kuona.

Primrose wakalipa kuti tisaloze munthu chala tisanayeze. Watulutsa m'chikwama kabotolo kochepa ngati chala, muli timadzi tofiira ngati maheu a mapira osefa. Ati ameneyo ndi golide. Ndaseka mpaka nkhama kuwawa. Golide ndimamudziwa, wandidyera mwamuna, ndipo si wofiira. Iye wati akamusungunula ndi mankhwala n'kumuwiritsa amasanduka timibulu tating'ono kwambiri toti maso sangaone, ndipo tikamayandama m'madzi motalikirana timaoneka tofiira. Tikaundana timasanduka tabuluu.

Ntchito yake, ati, ndi kuveka timibuluto tiulusi totchedwa DNA. Aliyense ali nato m'thupi, koma tawo n'topanga, amachita kuitanitsa. Kunsonga kwa kaulusi kalikonse amaikako sulufule, amene akakhudza golide amakakamira osachoka. Vuto n'lakuti tiulusito timakankhana, sitifuna kuima moyandikana, ndiye amathira mchere kuti tigwirizane. Koma mcherewo amathira pang'onopang'ono, kudikira, kuthiranso, mpaka masiku awiri. Ukafulumira, golide amaundana asanavale, ntchito yonse yapita. Akavala bwino, mchere sumuchitanso kanthu. Chimene chimamuunda ndi mekyuri yekha, chifukwa amagwira kaulusi ka uku ndi ka uko n'kutimanga pamodzi.

Ndamuuza kuti chigubu chilipo, ayeze pompano. Wakana. Ati amene ali m'kabotoloyu sanavale, wangobwera naye kuti ndione, wovala akukonzedwa ndipo abwera naye Loweruka likudzali. Wandisiyira kabotoloko pa kabati kuti ndizikayang'ana ndikasungulumwa. Ana ophunzira amaona ngati aliyense ali ndi nthawi.

Lamlungu, 9 Juni

Kutupa kwatsika pang'ono. Tulo palibe. Amayi a mvano a mpingo wina abwera kudzaimba, atigawira malalanje.

Tsiku lonse ndakhala ndikuyang'ana kabotolo ndi chigubu. Wovala kapena wosavala, golide ndi golide. Mai Blessed wati, "Asikana, chinthu chili m'manja mwanu, mukudikira chiyani?"

Lolemba, 10 Juni

Ndamugwira!

Nthawi ya alendo, Ambrosio ali pomwepo, ndatsegula kabotolo. Manja anga sangathe, ndiye mai Blessed watunga madzi a Janet ndi chivindikiro n'kudonthezamo. Sitinadikire n'komwe. Chofiira chija chada, chasanduka chabuluu, kenako chotuwa ngati phulusa lonyowa. Mai Blessed wafuula, "Mwari wangu, muroyi!" kunena kuti Janet ndi mfiti. Wodi yonse yatembenuka. Ine ndalira, koma sikunali kulira kwa chisoni.

Ambrosio wakulunga kabotoloko m'kansalu n'kuika m'thumba la malaya. Wati akaonetsa a Saturday, apampando a komiti ya pa komboni. Ndamuuza kuti akanene kuti ine sindibwerera pa komboni ija Janet akadali pomwepo. Asankhe. Ndikudziwa bwino lomwe kuti Janet alibe kopita. Ife tonse ndife amodzi, makolo athu anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland, kumudzi kwathu ndi pa komboni pomwepo, manda athu ali kuseri kwa mabalani a fodya. Eni dziko akathamangitsidwa amakwera basi kupita kumusha, kumudzi kwawo. Ife tikathamangitsidwa timagona m'mphepete mwa msewu. N'chifukwa chake ndasankha chilango chimenechi, ndikufuna chimuwawe.

BP 170 pa 100. Nesi wandikalipira kuti ndisamadzitopetse.

Lachitatu, 12 Juni

Ambrosio wabwera ndi nkhani. Dzulo madzulo a Saturday anaitanitsa anthu pa mpopi, kabotolo kanayenda dzanja ndi dzanja. Ati Janet anagwada, analumbira, anayesa kulankhula, koma anthu sanamulole. Anyamata anasasula malata a nyumba yake n'kuwaunjika pabwalo. Wachoka ndi ana ake awiri, mphika ndi mabulangete pamutu, ndi kuzizira kwa Juni kuno.

Ndafunsa ngati analira. Wati analira. Ndamuuza abwerezenso, wabwereza. Ndadya phala lonse, mbale mbee, koyamba chibwerere.

Ana aja ndiwo andikhala pamtima pang'ono. Wamng'onoyo ankakonda kudzakhala pakhonde langa. Koma mayi wawo akanawaganizira asanandithirire.

Lachisanu, 14 Juni

Zotsatira zabwera kuchokera ku Harare. Mekyuri ali mumkodzo, wochuluka. Dokotala wati mankhwala ochotsera ndi ovuta kupeza koma apezeka kudzera kwa aphunzitsi a Primrose. Ndayamba lero: makapisozi atatu m'mawa, atatu masana, atatu madzulo, ndi madzi ambiri. Akununkha dzira lovunda, ndipo thukuta langa layamba kununkha chimodzimodzi. Magazi azitenga kawiri pa sabata kuti aone impso ndi chiwindi.

Watinso mekyuri amakwiyitsa munthu, amamupsetsa mtima pa zazing'ono. Ndamuuza kuti mkwiyo wanga ndi wangawanga, sindinachite kumwa. Waseka. Chimene sindinakonde n'chakuti wati mtundu uwu wa matenda kawirikawiri umabwera ndi kupuma utsi, osati kumwa. Kawirikawiri si nthawi zonse.

Loweruka, 15 Juni

Primrose wafika ndi bokosi lozizira. Ndamulandira ndi nkhani yanga ndikunyadira, ndimati andiyamika. Iye wangokhala pansi pa simenti, mwana wa ku yunivesite, n'kugwira mutu.

"Mainini, ndinakuuzani kuti sanavale. Ndakakuudzai!"

Sanakangane nane. Watulutsa timabotolo tiwiri. M'koyamba, ka golide wosavala ngati kanga kaja, waponyamo timchere tochepa tochokera m'kapepala ka mai Blessed. Pompo buluu, kenako phulusa. Mchere wamba, wothira m'ndiwo. M'kachiwiri, ka golide wovala tiulusi, wathiramo madzi a m'chigubu cha Janet. Tadikira. Mai Blessed wayang'ana kukhoma. Tadikirabe mpaka belu la alendo kulira. Kabotolo kali chifiirire.

Wati mapositori amathira mchere wa mibulu m'madzi opempherera, ndani sadziwa? Ine ndimadziwa. Ndinaulawa miyezi iwiri. Wati choipa chokha chimene madziwo anandichita ndi kukweza BP.

Ndamuuza kuti mwina Janet anathira m'zigubu zoyamba zokha. Wandiyang'ana ndi maso a mayi ake. Mawa akupita ku komboni kukatenga madzi a pa mpopi, a kumtsinje, ndi chilichonse cha m'nyumba mwanga.

Lamlungu, 16 Juni

Ndasanza makapisozi a m'mawa. Andipatsa ena. Ambrosio sanabwere. Mai Blessed sakundilankhula, kapena ine ndi amene sindikumulankhula.

Lachitatu, 19 Juni

Ndilemba pang'onopang'ono kuti ndisasiye kanthu.

Primrose wabweranso, ali ndi zithunzi pa foni. Madzi a pa mpopi: ofiira. A kumtsinje: asintha pang'ono chabe. Kenako mwaye umene anapala kudenga ndi m'makoma a khitchini yanga, atauviika m'mankhwala awo n'kusefa: buluu wakuda bii. Anayezanso ndi makina aakulu kuti wina asadzanene kuti ndi mchere. Ndi mekyuri. Khitchini yanga, mmene ndimakhala m'mawa ndi madzulo chitseko chili chotseka chifukwa cha mphepo. Ati utsi wa mekyuri umakakamira m'makoma, ndipo ukasonkha moto umadzukanso, iwe n'kumapuma.

Primrose anakamupeza Janet m'balani yakale ya fodya pa famu yoyandikana, wayala makatoni, wamng'ono uja akutsokomola. Ndi Janet amene wamuuza zonse, chifukwa khomo lake limayang'ana khitchini yanga. Ine ndikapita kumaricho, Ambrosio ankabwerera, kuopa achifwamba amene amalanda golide kumtsinje. Ankasonkha makala pambaula m'khitchini, kuika kachitini ka golide wosakaniza ndi mekyuri pamoto, kutuluka msangamsanga n'kutseka chitseko. Iye ankaima panja, kutali, pansi pa mtengo wa mango, akusuta fodya wake mpaka utsi utatha. Ankadziwa. Mapapo ake ankawasunga. Madzulo ine n'kulowa mmenemo kukamuphikira.

Tsiku la pa mpopi lija, zimenezi ndi zimene Janet ankafuna kunena. Amene anakuwa kwambiri kuti mfiti isalankhule anali Ambrosio. Amene anayamba kukwera padenga ndi hamala anali Ambrosio.

Sindinalire. Ndafunsa Primrose kuti kodi golide wake uja sangayeze mtima wa munthu. Wati ayi, mainini.

Lachinayi, 20 Juni

BP 150 pa 90. Impso zayamba kumva mankhwala, watero dokotala. Kunjenjemera mwina kutha, mwina kutsala. Nkhama zasiya magazi.

Tsiku lonse ndikuona munthu ataima pansi pa mango akusuta. Zaka zonsezi ndamuchapira, ndamubisira ulesi wake kwa abale anga. Pa bedi lino anakhala, n'kundiona ndikulephera kugwira kapu, n'kunena kuti mkazi uja ndi woipa mtima. Kabotolo ndinatsegula ndine, zimenezo sindikana, ndipo ndidzaziyankha. Koma ine ndinali kufunafuna wondipha. Iye anali kufunafuna womufera.

Akulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ameneyu aphedwa, mkhatewo usweke ngati ukufuna.

Nyumba ija anamanga ndi bambo anga, njerwa anaumba okha atafika kuchokera ku Dedza. Ambrosio analowamo ngati mkamwini, ndi kachikwama kamodzi. Ife pa komboni mwambo umenewu sitinautaye. Ndaimbira mchimwene wanga Gift, amene ndi nkhoswe yanga, pa foni ya nesi. Ndamuuza atenge makiyi a nyumba yaikulu akapereke kwa Janet, ndiponso akauze a Saturday kuti aitanitsenso anthu pa mpopi. Primrose akaonetsa timabotolo take pamaso pa onse.

Lachisanu, 21 Juni

Gift wabwera ndi makiyi m'manja. Janet wawakana. Ati, "Mukawauze mai Tendai kuti za dimba ndinaiwala kalekale. Madzi aja ndinkawapempherera ndisanadye kanthu, kuti achire."

Ndinakonzeka kutukwanidwa. Izi sindinazikonzekere. Ndatembenukira kukhoma, mai Blessed wandifunditsa bulangete.

Ndamuuza Gift abwererenso. Asakanene kuti ndikupepesa ndi nyumba, kupepesa ndidzapita ndekha ndi miyendo yanga. Akanene kuti mwana akutsokomola, ndipo balani si malo ogona mwana mu Juni.

Lamlungu, 23 Juni

Makapisozi awachepetsa, tsopano kawiri pa tsiku. Ndayenda ndekha mpaka pakhomo la wodi.

Gift waimba m'mawa. Janet walowa m'nyumba mwanga dzulo, chifukwa cha mwanayo, ndipo wanenetsa kuti malata ake akabwerera padenga atuluka. Anthu akumana Lachiwiri.

Masana kwabwera Ambrosio, atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula malalanje ndi buledi. Waima kumiyendo kwa bedi. Wayamba ndi za achifwamba, kuti akanamupha, kuti golideyo ankadyetsa ife tomwe. Ndamusiya alankhule mpaka mawu amuthere. Ngakhale nesi anaima ndi thireyi yake kumvetsera.

Ndamufunsa funso limodzi. "Baba Tendai, mukatseka chitseko chija, munkaimiranji panja?"

Wayang'ana malalanje.

Ndamuuza kuti Lachiwiri akaima pa mpopi n'kunena ndi pakamwa pake zimene ankachita. Akakhoma malata a Janet ndi hamala yomwe ija, yekha, anthu akuonerera. Zikatha zimenezo Gift ndi ankhoswe a kwawo adzakhala pansi, koma asayembekezere zambiri. Katundu wake ali kale m'thumba la feteleza pakhonde.

"Nhai mai Tendai," watero, "m'nyumba mwalowa anthu. Nanga ine ndigona kuti?"

Ndamuuza kuti khitchini ilipo, ndipo kukuzizira, asaiwale kusonkha moto ndi kutseka chitseko.